Feteleza ndi yemweyo, munda ndi womwewo, nanga matumba apita kuti?

Funso

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Thondwe. Ndili ndi munda wa ekala imodzi womwe anandisiyira malemu mayi anga. Kale ndikathira thumba limodzi la wokulitsa ndi limodzi la wobereketsa ndinkakolola matumba 18, mwina 20. Zaka zitatu zapitazi, feteleza wake yemweyo, ndikungopeza matumba 7 kapena 8. Chimanga chikangomera masamba amafiira moderako, kenako a m'munsi amachita chikasu, ndipo kaufiti wadzaza. Koma pachulu ndi pamene panali khola la mbuzi chimanga chimakhala chobiriwira bwino. Anzanga ena akuti feteleza wa masiku ano ndi wachinyengo, ena akuti feteleza ndi amene wapha nthaka. Kodi ndiwonjezere thumba lachitatu, kapena ndingomusiyiratu?

Yankho

Mayi, ndalama ya thumba lachitatulo muisunge kaye. Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chake. Thumba la makilogalamu 50 la wokulitsa, lija nambala yake yoyamba ndi 23, lili ndi makilogalamu 11.5 a nayitrojeni. La wobereketsa, yureya, lolembedwa 46, lili ndi makilogalamu 23. Tikaphatikiza, inu mukuthira makilogalamu 34.5 pa ekala yanuyo. Mlingo womwe alangizi akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri pa chimanga cha haibulidi ndi makilogalamu 92 pa hekitala, omwe pa ekala ndi pafupifupi 37. Ndiye kuti chimanga chanu simukuchimana. Chakudya mukuchipereka chokwanira ndithu, kungoti sichikulowa m'mbewu.

Umboni wake mwaupereka nokha. Pachulu ndi pakhola paja mumadzala mbewu yomweyo, mumathira feteleza wa m'thumba lomwelo, mvula imagwa imodzimodzi. Feteleza akanakhala wachinyengo, bwenzi napo pali chikasu. Chosiyana pamenepo ndi dothi basi. Sindikukana kuti alipo amalonda osaopa Mulungu omwe amasakaniza mchenga m'matumba, ndipo yureya ndi wosavuta kumuyesa: tapani supuni imodzi, thirani m'kapu ya madzi, takasani. Weniweni amasungunuka yense osasiya zapansi, ndipo kapuyo imazizira m'manja. Koma nkhani yanu si imeneyo.

Kuti timvane bwino, ndifotokoze kaye mmene chimanga chimadyera, chifukwa ambirife timaganiza kuti mbewu imadya dothi. M'zaka za m'ma 1600, Jan Baptist van Helmont, wobadwira ku Brussels, anadzala kamtengo kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono mumphika waukulu wa dothi lomwe anayamba waliumitsa n'kuliyeza pasikelo. Kwa zaka 5 ankangothirira madzi. Pouzula, mtengowo unali utafika makilogalamu pafupifupi 77, koma dothi linali litapunguka ndi magalamu osakwana 60. Iye anati ndiye kuti mtengo wonsewo wachokera m'madzi. Anaphonya chinthu chimodzi, mpweya. Masamba ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso tomwe timakoka mpweya wa kaboni dayokisaidi, ndipo ndi mphamvu ya dzuwa amauphatikiza ndi madzi n'kupanga shuga. Shuga ameneyu ndiye amasanduka phesi, chitsononkho ndi ufa womwe timaphikira nsima. Pa magawo 100 a chimanga chouma, pafupifupi 95 anachokera mumpweya ndi m'madzi.

Zochokera m'nthaka ndi zochepa chabe. Mukatentha mulu waukulu wa mapesi, kaphulusa kotsalako, kuphatikiza nayitrojeni ndi salufa zomwe zapita ndi utsi, ndiye gawo lonse la nthaka. Koma kuchepa kwake kuli ngati kwa mchere mundiwo. Michere yomwe mbewu imafuna kuchokera pansi ilipo 14. Yofunika yambiri ndi nayitrojeni, fosifolasi ndi potaziyamu, zilembo zitatu zija N, P ndi K za pathumba. Kenako salufa, kashiyamu ndi maginiziyamu. Ina, monga zinki, ayironi ndi boroni, imafunika pang'ono kwambiri, komabe ikasowa chimanga sichibereka. Ndipo mchere wina sungalowe m'malo mwa unzake. Ndowa yobooka m'mbali imasunga madzi kulekeza pabowo la m'munsi kwambiri, ngakhale muthiremo mitsuko ingati. Ngati bowo la m'munda mwanu lili pa fosifolasi, thumba lachitatu la yureya lidzangotayikira kunja.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani. Muzu ulibe mano, umangomwa. Chilichonse cholowa m'mbewu chiyenera kuyamba chasungunuka m'madzi a m'nthaka. Omwa kwenikweni si mizu ikuluikulu yomwe mumaiona mukazula phesi, koma timaubweya tating'ono kwambiri tomwe timamera pafupi ndi nsonga ya muzu uliwonse. Timeneti sitikhalitsa, ndiye muzu uyenera kumangokula, kumafika dothi latsopano tsiku ndi tsiku. Kukoka michere ndi ntchito yofuna mphamvu, ndipo muzu umapeza mphamvuyo popuma. N'chifukwa chake m'makande a kuchigwa cha Chilwa, madzi akadikha masiku angapo, chimanga chimachita chikasu ngakhale chitathiridwa feteleza dzana. Mizu yabanika. Mpunga wa ku Domasi ndi ku Likangala umapirira chifukwa uli ndi timipata m'kati mwake totsitsira mpweya kuchokera kumasamba kukafika kumizu.

Michereyi simayenda mofanana. Nayitrojeni, yureya akasinthika m'nthaka, amayenda ndi madzi. Amafika pamuzu mosavuta, komanso amakokoloka mosavuta kupita pansi pomwe mizu sifika, makamaka pamchenga mvula ikachuluka mu Januwale. Fosifolasi ndi wosiyana kotheratu. Pomwe mwamuyika amakhala pomwepo, nyengo yonse ya dzinja amasuntha pang'ono kwambiri. Muzu ndiwo uyenera kumupeza. Muzu ukakhala waufupi kapena wodwala, fosifolasi akhoza kukhala pataliko ngati kutalika kwa chala chanu, mbewu n'kumafa ndi njala.

Masamba mwawafotokozawo akunena zomwezi. Kufiira modera ngati khungu la mabilinganya pa chimanga chaching'ono kawirikawiri ndi njala ya fosifolasi. Chikasu choyambira kunsonga ya masamba a m'munsi n'kumatsika ndi msana wa tsamba ndi nayitrojeni: mbewu ikaona kuti akuchepa, imalanda wa m'masamba akale n'kupatsa ang'ono. Potaziyamu akasowa, masamba a m'munsi omwewo amapsa m'mphepete. Koma mukaona chikasu pa masamba a kumtunda, ongotuluka kumene, ganizirani salufa, ndipo mizere yotakata yoyererako pa masamba ang'ono ndi zinki. Feteleza wokulitsa anasinthidwa kuchoka pa 23:21:0+4S kupita pa 23:10:5+6S+1.0Zn chifukwa kuyeza nthaka m'maboma kunaonetsa kuti potaziyamu, salufa ndi zinki zikusowa m'minda yambiri. Onani bwino manambalawo: fosifolasi anatsika kuchoka pa 21 kufika pa 10. Pa munda womwe fosifolasi ndiye vuto lake, kusinthaku kumamveka, ndipo mwina n'kumene ena akutchula kuti chinyengo.

Nanga fosifolasi yemwe mwakhala mukuthira zaka zonsezi ali kuti? Wambiri akadali m'munda momwemo, koma womangidwa. Dothi la katondo limafiira chifukwa cha ayironi, dzimbiri lomwelo la pakhasu, ndipo mulinso aluminiyamu. Nthaka ikachuluka asidi, ziwirizi zimagwira fosifolasi n'kumuumitsa moti sasungunukanso m'madzi. Asidi wa m'nthaka timamuyeza ndi muyeso wotchedwa pH. Pa 7 ndi pakatikati, kutsika m'munsi asidi akuchuluka, ndipo kutsika ndi nambala imodzi ndiye kuti wachuluka maulendo 10. Chimanga chimakondwa kuyambira cha pa 5.5 kufika pa 7. Pansi pa 5.5 aluminiyamu amayamba kusungunuka, ndipo ameneyu ndi poizoni kunsonga za mizu. Mizu imafupika, imanenepa, timaubweya tija timachepa. Ndiye mavuto amakhala awiri nthawi imodzi: chakudya chamangidwa, ndipo wokachitenga wapunduka.

Anzanu onena kuti feteleza wapha nthaka ali ndi kachoonadi pang'ono, ndipo sindikubisirani. Yureya akamasinthika m'nthaka amasiya asidi pang'ono chaka chilichonse, makamaka pamene gawo lina lakokoloka osamwedwa ndi mbewu. Zaka 20 kapena 30 za chimanga chokhachokha, yureya chaka ndi chaka, popanda manyowa kapena laimu, asidiyo amaunjikana. Koma kumusiya feteleza lero sikuchotsa asidi yemwe alipo kale, kungokuchotserani matumba 7 omwe mukupezawo. Cholakwa si kuthira feteleza. Cholakwa ndi choti anasiyidwa kuti agwire yekha ntchito yomwe kale ankagawana ndi zinyalala zowola.

Pakhola la mbuzi paja pali chomwe munda wonse wataya. Ndowe, mikodzo ndi zotsala za udzu zinawola n'kusanduka dothi lakuda lofewa, lonunkhira ngati m'nkhalango mvula itangogwa. Dothi lotere limagwira madzi ngati chinkhupule. Limagwiranso potaziyamu, kashiyamu, maginiziyamu ndi gawo la nayitrojeni kuti mvula isazikokolole, n'kumazimasula pang'onopang'ono muzu ukamafuna. Limamata aluminiyamu kuti asawotche mizu, ndipo limatsekereza malo omwe ayironi akanagwirira fosifolasi. Limalumikiza dothi kukhala timibulu tokhala ndi mipata yolowera madzi ndi mpweya. Pachulu nkhani yake ndi yofananako: chiswe chimakweza dongo kuchokera pansi kwambiri, nthawi zambiri lokhala ndi kashiyamu wochuluka ndi asidi wochepa, n'kulisakaniza ndi zomera zomwe chatutira mmenemo.

Ndipo m'dothi lakudalo muli moyo. Mu supuni yaing'ono imodzi ya dothi lachonde mumakhala mabakiteriya mamiliyoni mazanamazana, kuwonjezera pa nkhungu, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso ndi tizamoyo tina. Timeneti ndi tomwe timaphikira mbewu. Nayitrojeni wa m'ndowe kapena m'tsamba logwa muzu sungamumwe mpaka tizamoyoti titamuphwanya. Ngakhale yureya wa m'sitolo amadalira tomweti kuti asinthike. Pali nkhungu ina yomwe imalowa m'mizu ya chimanga n'kutulutsa timaulusi tosaoneka ndi maso topita kutali kuposa timaubweya ta muzu. Timaulusi timeneti timakatenga fosifolasi ndi zinki, mbewu n'kulipira ndi shuga. Ubale wa mtundu umenewu mumaudziwa kale: bowa wambiri yemwe amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu dzinja likafika amamera pansi pa masuku ndi mombo, chifukwa amakhala pamizu ya mitengo imeneyi. Mitengo ikadulidwa, bowa naye amatha. M'munda namonso, moto wa chaka ndi chaka, dothi losiyidwa pambalambanda padzuwa la Okutobala ndi kusowa kwa zowola zimachepetsa othandiza amenewa.

Kaufiti naye akugwirizana ndi nkhaniyi mwanjira yomwe imandidabwitsa mpaka lero. Chimanga chikamva njala ya fosifolasi ndi nayitrojeni, mizu yake imatulutsa timadzi toitanira nkhungu yothandiza ija. Njere za kaufiti, zomwe zimatha kudikira m'dothi zaka zoposa 10, zimamva kuitana komweko. Zimamera, n'kudziphatika pamuzu, n'kuyamba kuyamwa. Pomwe maluwa ofiira aja akuonekera pamwamba, kuwononga kwakukulu kwachitika kale pansi. Chimanga chokhuta sichiitana kwambiri, n'chifukwa chake pakhola paja kaufiti simumuona wambiri. Muzimuzula asanachite maluwa, chifukwa tsinde limodzi limabala njere masauzande makumimakumi.

Mungafunse kuti chondecho chinapita kuti, poti munda ndi womwewo amalima mayi anu. Gawo lina munalidya. Matumba 20 a chimanga, omwe ndi tani imodzi, amatuluka m'munda ndi nayitrojeni wokwana makilogalamu pafupifupi 15, kuwonjezapo fosifolasi, potaziyamu ndi ina. Palibe cholakwa pamenepo, timalimira zomwezo. Chomwe chimandipweteka mtima ndi utsi wa Ogasiti ndi Seputembala, pamene anthu akusosa ndipo anyamata akusaka mbewa. Potaziyamu wochuluka yemwe chimanga chinamwa amakhala m'mapesi, osati m'njere. Mukatentha, nayitrojeni ndi salufa zimauluka, phulusa limatengedwa ndi mphepo ndi mvula yoyamba, ndipo chakudya cha tizamoyo tija chimathera pomwepo. Gawo linanso linapita ndi madzi. Imani pamlatho wa Thondwe mvula yamphamvu itagwa, muone mtundu wa madziwo. Limenelo ndi dothi lapamwamba, lomwe limakhala ndi chonde chambiri, likupita ku Chilwa. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola m'masiku ochepa dothi lomwe linatenga mibadwo kuti lipangike. Poti mukuti vuto lakula zaka zitatu zapitazi, kumbukirani ngati madzi sanadutse m'munda mwanu nthawi imeneyo.

Pali chinthu china chomwe sichioneka pamwamba. Chaka chilichonse timagumula mzere n'kuunga wina mukhwawa, khasu n'kumalekeza pamalo amodzimodzi, mapazi n'kumaponda pomwepo popalira ndi pobandira. Pakapita zaka, pansi pa mizere pamapangika chidothi cholimba ngati pabwalo. Mizu ikafika pamenepo imakhota n'kumayenda cham'mbali, madzi amalephera kulowa n'kumathamanga pamwamba. Chimanga chotero chimafota dzuwa likangowala sabata imodzi.

Choncho musanapite kusitolo, tengani khasu. Kumbani dzenje lofika m'bondo pakati pa munda pomwe chimanga chimakanika, ndi lina pakhola paja. Bayani khoma la dzenje ndi mpeni kuyambira pamwamba kutsika, mumve pomwe ukukanira. Onani pomwe dothi loderako likulekeza, onani ngati muli nyongolotsi kapena timauna take, ndipo ngati zitsa za chimanga zikadalipo, onani komwe mizu inalowera. Mukapeza cholimbacho, chiswedwe ndi piki kapena khasu lalitali nthawi yachilimwe, kamodzi kokha, chigawo chomwe mungathe chaka chino, ndipo pomwe mwaswapo musamapondepo. Ngati munda ndi wotsetsereka, mlangizi akuthandizeni kuika akalozera, mudzalepo vetiva, mizere itsate akalozerawo, ndipo mutseke makhwawa ndi mabokosi kuti madzi azilowa pansi pomwe agwera.

Ndikanakhala ine, ekalayo ndikanaigawa pawiri. Theka loyamba chimanga, pa mizere yotalikirana masentimita 75, phando lililonse masentimita 25, njere imodzi. Pa theka la ekala amenewo ndi mapando pafupifupi 10,800. Dzanja limodzi lodzaza la manyowa owola bwino paphando lililonse likufuna matumba oposa 40, ndiye sindikunamizani kuti ndi ntchito yopepuka. Ngati manyowa akwana kotala ya ekala, yambani ndi kotalayo, osawamwaza paliponse mpaka osaoneka. Wokulitsa alowe pobzala kapena chimanga chikangomera, m'kadzenje pafupi ndi phando, chifukwa fosifolasi amafunika mizu ikamayamba ndipo sadzayenda kuitsata. Yureya pakatha masabata atatu kapena anayi, dothi lili lonyowa, ndipo mukwirire. Yureya wosiyidwa pamtunda padzuwa amasanduka mpweya. Ngati dothi lanu ndi lamchenga, mugaweni pawiri, wina pa masabata atatu, wina patapitanso masabata awiri kapena atatu.

Theka linalo nandolo ndi mtedza pamodzi, chaka chamawa n'kusinthanitsa. Mpweya womwe timapumawu magawo 78 pa 100 ndi nayitrojeni, koma chimanga sichingamugwire. Mafakitale amamugwira ndi moto ndi mphamvu zochuluka, njira yomwe Fritz Haber ndi Carl Bosch anaikhazikitsa ku Germany chisanafike chaka cha 1914, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chomwe mtengo wa yureya umakwerera mafuta ndi gasi zikakwera kunja. Mbewu za mtundu wa nyemba zimachita ntchito yomweyo mwakachetechete, kudzera mwa mabakiteriya okhala m'timibulu ta pamizu. Zulani mtedza umodzi ukayamba maluwa, tswanyani kambulu ndi chikhadabo. M'kati mukakhala mofiirira ngati nyama, ntchito ikugwirika. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, palibe chikuchitika, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake ndi asidi yemwe uja kapena kusowa kwa fosifolasi.

Nandolo ndimamulemekeza mwapadera, ndipo ife a ku Zomba tili ndi mwayi kuti timamudziwa kale. Muzu wake umaboola dothi lolimba, amakhala m'munda miyezi yambiri akugwetsa masamba, ndipo ofufuza a bungwe la kafukufuku wa mbewu la ICRISAT ku India anapeza mu 1990 kuti mizu yake imatulutsa asidi wina yemwe amamasula fosifolasi womangidwa ndi ayironi. Kungoti nandolo wa apo ndi apo m'chimanga, monga timachitira ambirife, sakwanira kusintha nthaka. Ayenera kuchuluka. Mitengo yake tengani mukaphikire, koma masamba atsale. Chimodzimodzi mtedza: nayitrojeni wambiri amapita ndi mtedza womwe mwakolola, phindu la munda lili m'masangwi, ndiye abwerere m'munda kapena adutse m'khola. Nyemba wamba zimagwira nayitrojeni wochepa, musazidalire pa ntchito imeneyi. Mtedza ndi soya zilinso ndi ubwino wina: zimapusitsa njere za kaufiti wa chimanga kuti zimere, koma sizimuyamwitsa, ndiye amafa.

Inu muli pafupi ndi malo a kafukufuku wa ulimi a Makoka, ndipo mwina mumadutsa pamenepo osadziwa kuti ofufuza a m'mayiko ambiri amapadziwa chifukwa cha nkhani yanu yomweyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, pamodzi ndi ofufuza a boma anayamba kuyesa kudzala gilisidiya m'mizere pakati pa chimanga, kumadulira mitengoyo kuti isakule, masamba n'kumawakwirira. Atatsatira kwa zaka zambiri, chimanga cha m'gilisidiya chopanda feteleza chinkabereka kuposa kawiri poyerekeza ndi chimanga chokha chopanda feteleza, ndipo powonjezera feteleza pang'ono zokolola zinkakweranso. Koma zaka ziwiri zoyambirira phindu silinkaoneka kwenikweni, ndipo kudulira kukachedwa mitengo imaphimba chimanga. Ndikunena izi kuti musadzagwe mphwayi chaka choyamba. Ombwe amathandiza msanga, msangu umafuna zaka zambiri koma ndi wa adzukulu anu, poti umagwetsa masamba dzinja pomwe chimanga chikufuna dzuwa.

Za feteleza wa Mbeya mudzamva ndithu, ngati simunayambe kale. Anthu amasakaniza makilogalamu 10 a feteleza ndi madeya, ndowe, phulusa ndi madzi, n'kusunga m'thumba masabata atatu. Ndi wothandiza, chifukwa amabweretsa zowola ndi michere ina yomwe yureya alibe, ndipo kwa amene sangathe kugula thumba lathunthu ndi bwino kuposa kungokhala. Koma nayitrojeni saswana m'thumba. Makilogalamu 10 a yureya ali ndi makilogalamu 4.6 a nayitrojeni, ndowe ndi madeya zimawonjezera pang'ono, pamene thumba lathunthu lili ndi 23. Ndipo fungo lobaya m'mphuno lomwe limatuluka mukamasula thumba ndi nayitrojeni akuthawa, chifukwa phulusa ndi yureya sizigwirizana. Ineyo ndimakonda phulusa lipite m'munda palokha kapena mukompositi, poti limachepetsako asidi ndipo lili ndi potaziyamu.

Manyowa nawo amafuna chisamaliro. Ndowe zowunjikidwa pabwalo, dzuwa n'kumaziwomba, mvula n'kumazitsuka, zimafika kumunda zitatha mphamvu. Zikhale pamthunzi, zofunditsidwa, ndipo m'khola muziyala udzu kapena mapesi kuti azimwa mikodzo, chifukwa nayitrojeni ndi potaziyamu wambiri ali m'mikodzomo. Kompositi, kaya wa chimato, wa changu kapena wa m'dzenje, muyambe mukangokolola, masamba aawisi akadalipo. Deliya yemwe amangomera m'mbali mwa misewu ndi wabwino kwambiri posakaniza. Chenjezo limodzi: mapesi ouma okhaokha mukawakwirira mvula ili pafupi, tizamoyo towoletsa timabwereka nayitrojeni wa m'nthaka kuti tigwire ntchitoyo, chimanga n'kuchita chikasu masabata oyamba. Akwirireni msanga mukangokolola, kapena ayaleni pamwamba ngati chophimbira, kapena awoletseni pamodzi ndi ndowe ndi zamasamba. Zoteteza mapesi ku moto ndi ziweto zongoyendayenda munthu mmodzi sangathe, imeneyo ndi nkhani yokakamba kwa amfumu pamodzi ndi oyandikana nawo minda.

Laimu ndamusiyira kumapeto dala, chifukwa ameneyu sathiridwa mongoganiza. Ngati asidi watsikadi pansi pa 5.5, laimu wa ulimi ndiye mankhwala ake, ndipo thumba lake likhoza kukupindulirani kuposa thumba lachitatu la yureya. Amafuna kusakanizidwa ndi dothi mwezi umodzi kapena iwiri mvula isanayambe, ndipo mphamvu yake imakhala zaka zingapo. Koma wochuluka mopitirira amamanganso zinki ndi michere ina, ndiye mlingo wake uchokere pa kuyeza. Pitani kwa mlangizi wa dera lanu ku Thondwe mumufunse njira yotumizira dothi. Malo a kafukufuku a boma ku Bvumbwe ndi ku Chitedze amayeza nthaka. Muwapemphe pH, fosifolasi ndi kuchuluka kwa zowola m'dothi. Potenga dothilo, yendani mokhotakhota m'munda monse, mukumbe malo 10 kapena 15 kuya kwa masentimita 20, musakanize m'ndowa yoyera ya pulasitiki, muumitse pamthunzi, n'kutapapo theka la kilogalamu. La pachulu ndi la pakhola musaphatikizemo, lingakometse zotsatira n'kubisa vuto. Ngati ndalama ilola, la pakholalo mulitumize m'kathumba kakekake, kolembedwa bwino, kuti manambala a malo awiriwo mudzawaone ali pambali ndi pambali.